Muzu wa vuto la damu la Chivero uli m'matope a pansi

Bambo wina wa ku Mufakose wanditumizira imelo. Akufunsa kuti: "Zonyansa za m'masuweji zitaleka lero kulowa mu Lake Chivero, kodi madzi obiriwira aja angayere chaka chamawa? Nanga namasupuni bwanji osangomupopera mankhwala?"

Bambo, ndikanakonda kukuyankhani kuti inde, pakuti madzi amenewa ndi amene timamwa ambirife muno mu Harare. Koma sangayere msanga chotero.

Damuli linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo lili kumunsi kwa mzinda. Choncho zotsukira, zam'chimbudzi ndi feteleza wokokoloka zimatsikira komweko kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Zonsezi zimanyamula fosifolasi. Mumamudziwa: ndi 21 uja wa pa thumba la 23:21:0 kumudzi. M'munda amakulitsa chimanga, m'madzi amakulitsa ndere. Nayitrojeni, 23 uja wa pa thumba lomwelo, amatha kusanduka mpweya n'kuuluka, koma fosifolasi sauluka. Amakhazikika pansi, chaka ndi chaka.

Pansipo pakakhala okosijeni, ayironi wa m'matope amamugwira fosifolasi zolimba. Tsono ndere ikachuluka imafa n'kumira, mabakiteriya oiwoletsa amamaliza okosijeni yense, ayironi uja amataya zimene anagwira, fosifolasi n'kubwerera m'madzi kukadyetsa ndere yatsopano. Nyengo yozizira, madzi apamwamba ndi apansi akasakanikirana, zonsezo zimakwera. Ndere ikudzidyetsa yokha ndi zimene tinataya zaka makumi angapo zapitazo. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'damuli, ndipo akuluakulu a zanyama analoza ndere yapoizoni yotchedwa cyanobacteria. Nkhani ija inandiwawa kwambiri.

Zomera zam'madzi sizifanana. Zokhala ndi mizu m'matope, monga bango, zimamanga matopewo kuti mphepo isawavundule, ndipo mizu yake imalowetsako okosijeni pang'ono. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona madambo a mumzinda muno akulimidwa ndi kumangidwapo nyumba. Namasupuni ndi wina. Anachokera ku South America, amayandama, amayamwa chakudya m'madzi momwemo, ndipo akaphimba pamwamba pansi pamasowa kuwala ndi mpweya.

Apa ndiye pagona funso lanu lachiwiri. Mukamupopera, afera pompo, amira, awola, fosifolasi yense amene anayamwa abwerera m'matope. Mukamuvuula n'kukamuyanika kutali ndi gombe, ndiye kuti mwatulutsadi kanthu m'damu. Ndi ntchito yolemetsa poti amamera msanga, komabe ine ndili mbali imeneyo. Musathamangire kumuthira m'dimba la ndiwo asanapimidwe, chifukwa amayamwanso zitsulo zoopsa za m'mafakitale.

Masuweji akonzedwe, Bambo, ndipo akonzedwe msanga. Kungoti akakonzedwa, mudzaonabe madzi obiriwira kwa zaka zingapo, ndiye musadzanene kuti ndalama zinapita pachabe.