Mbalame ziwiri zapachibale, koma pangozi pali imodzi

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti ali m'nkhalango pamwamba pa phiri anaona mbalame ikufukula masamba ouma pansi, chifuwa chake cha mtundu wa lalanje, pa phiko timizere tiwiri toyera. Akufunsa ngati ndi ija amamva kuti yatsala pang'ono kutha.

Ayi mayi, munaona m'bale wake. Yanuyo m'mabuku a mbalame amaitcha Orange Ground Thrush, pomwe yosowayo ndi Spotted Ground Thrush. Zonse ndi za gulu la Geokichla, zimadya nyongolotsi, nkhono ndi tizilombo ta m'masamba ovunda, ndipo timizere ta pa phiko zili nato zonse. Ndiye phiko lisakupusitseni, yang'anani chifuwa. Cha yosowayo n'choyera, chodzaza madontho akuda bii. Kungoti mwana wa yalalanje nayenso amakhala wamathothomathotho, ndipo apa ambiri amasangalala msanga.

Bungwe la IUCN, lomwe limasunga mndandanda wa zolengedwa zomwe zikhoza kutha pa dziko lonse, siliwerengera yalalanje pa zolengedwa zomwe zili pangozi. Imapezeka m'mapiri ambiri, kuchokera ku Kenya ndi Tanzania, kudutsa kwathu kuno, mpaka ku Zimbabwe ndi South Africa. Yamadontho ili pa mndandanda wa zimene zikhoza kutha. Yatsala m'timagulu totalikirana, ndipo ya ku Malawi ndi mtundu wakewake, belcheri, dzina lokumbukira Charles Belcher yemwe anali jaji kuno nthawi ya atsamunda.

Chasiyanitsa tsogolo lawo n'chiyani, poti chakudya n'chimodzi? Ine ndimati ndi malo. Yalalanje imakwera m'nkhalango za pamwamba, kozizira, komwe khasu limachedwa kufika. Yamadontho imakonda nkhalango zowirira za m'munsiko, zomwe anthu amayamba kudula akafuna munda, nkhuni kapena makala. Malo ake odziwika anali Soche, phiri la Thyolo ndi Mulanje. Aliyense wokhala ku Blantyre akudziwa mmene Soche wayerera, nyumba zikukwerabe. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inasanduka minda, kupatula kachigawo kosungidwa m'esiteti ya tiyi. Kubzala bulugamu kapena paini sikuithandiza, chifukwa imafuna mthunzi wa mitengo yachilengedwe ndi dothi lachinyontho.

Komabe musati yalalanje ili pabwino mpaka kale. Nkhalango za pa Zomba nazo zikupsa ndi kudulidwa. Mukadzakweranso, pitani m'mamawa, mukhale chete pafupi ndi mtsinje, foni ili m'manja. Mukaona chifuwa choyera chamadontho, jambulani ngakhale chithunzicho chisaoneke bwino, mulembe tsiku ndi malo, mutumize ku bungwe loteteza zachilengedwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi.