Kwa achemwali a pa Dedza amene bwana wawakaniza kupita ku msonkhano wa ICAM

Achemwali, funso limene munalemba m'gulu lathu lino la pa intaneti ndaliwerenga kawiri ndipo mtima wakana kuti ndingodutsa. Mwati mumasunga mabuku a ndalama pa SACCO ina (bungwe limene mamembala amasunga ndi kubwerekana ndalama) pa Dedza boma, mwathapo zaka zitatu, ndipo mutapempha kuti akulipirireni msonkhano wa ICAM (bungwe la maakauntanti a m'Malawi) wa ku Mangochi, a manijala anakuyankhani kuti ndalama za mamembala si zokasambira kunyanja. Tsono mukufunsa ngati mukapemphenso kapena mungozisiya. Ine ndikuti bwererani, koma pempho lija mulisinthe.

Ndili pafupi nanu pompano pa Ntcheu, ndipo ntchito ya maakaunti ndaigwira zaka zoposa 15, zambiri mwa izo m'mabungwe a ndalama za anthu wamba ngati lanulo. Mawu amene mwauzidwawo nanenso ndinauzidwapo, ndipo anandipweteka kwambiri chifukwa ndinkadziwa kuti ine sindinkafuna nyanja. Patapita nthawi ndinazindikira kuti bwana wanga sankanena za ine. Ankanena za anthu amene iye anawaona m'moyo wake: munthu wapita ku msonkhano, wasaina pepala m'mawa, walandira envulopu, masana sakuonekanso m'holo, Lolemba wabwera ndi chikwama chatsopano ndi chambo chouma, ukamufunsa zimene aphunzira akuti "zinali bwino". Tonse tikuwadziwa anthu oterewa. Nkhani ya maalawansi yaipitsa dzina la misonkhano m'dziko muno, moti ngakhale amene ukufunadi kuphunzira umalowa mu ofesi ya bwana uli kale ndi mlandu wa anzako.

Ganiziraninso pamene a manijala anuwo aima. Pamwamba pawo pali bodi, ndipo pamwamba pa bodi pali msonkhano waukulu wa pachaka, pamene mphunzitsi wa ku Linthipe kapena mlimi wa kachewere wa ku Bembeke amaimirira n'kufunsa chifukwa chake phindu la masheya lachepa pamene ndalama za maulendo zakwera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuchokera pamenepo mafuta, mapepala, inki ya printa, lendi, zonse zinakwera, ndipo mabungwe akamadula bajeti amayambira pa maphunziro a antchito chifukwa ndi pamene sipalira munthu tsiku lomwelo. Ndiye akamva mawu oti Mangochi, m'mutu mwawo mumabwera nkhope ya membala uja wa ku msonkhano wa pachaka. Ntchito yanu ndi kuwapatsa yankho loti akamuuze membala ameneyo.

Ulendo woyamba ine ndinalephera chifukwa ndinalowa ndi vuto langa. Ndinati, "Bwana, ndikufunika maola a CPD kuti umembala wanga usathe." Zinali zoona. ICAM imafuna kuti mamembala ake azionjezera maphunziro chaka ndi chaka, amene amatchedwa CPD, ndipo ngati muli wa ACCA, bungwe la maakauntanti la ku Britain, mukudziwa kuti amafuna mayunitsi 40 pachaka, 21 mwa iwo okhala ndi umboni. Koma m'makutu mwa bwana izi zinamveka ngati ndikupempha bungwe lindilipirire satifiketi yanga, imene ndikadzachoka ndidzanyamuka nayo. Anandiyankha kuti ndidzionere ndekha, ndipo sindikanawatsutsa.

Chaka chotsatira ndinayamba ndi kalata ija imene maodita amasiya akamaliza ntchito, yotchula zofooka za bungwe. Ndinaona kuti mfundo ziwiri zinabwerezedwa zaka ziwiri zotsatizana, ndipo bodi inali itawafunsa kale a bwana chifukwa chake sizikukonzedwa. Imodzi inali ya mmene tinkawerengera ngongole zokayikitsa kubwezedwa, ina inali ya msonkho umene timadula tikamalipira anthu otigulitsa katundu. Pulogalamu ya msonkhano itatuluka ndinaiyala pambali pa kalata ya maodita ija, n'kulemba mzere pa mitu imene inkakhudza mavuto athuwo. Pepala limene ndinapita nalo silinayambe ndi dzina langa kapena CPD. Linayamba ndi mfundo ziwiri za maodita zija. A bwana anawerenga, anakhala chete, kenako anafunsa kuti zonse pamodzi ndi ndalama zingati. Munthu akafunsa mtengo ndiye kuti khomo layamba kutseguka.

Choncho musanalembe chilichonse, khalani pansi mufufuze chimene chikuwasowetsa tulo a manijala anu. Pa SACCO sichisowa. Mwina ndi malipoti opita ku Reserve Bank, pakuti kuyambira pa lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 ma SACCO amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo lipoti lochedwa kapena lolakwika limabweretsa makalata amene palibe manijala amafuna kuwalandira. Mwina ndi misonkho, imene imasintha pafupifupi bajeti iliyonse ya boma. Mwina ndi penshoni, poti lamulo la 2011 linalowedwa m'malo ndi la 2023. Mwina ndi chinyengo cha pafoni ndi pakompyuta, popeza mamembala ambiri tsopano amabweza ngongole kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo kugwirizanitsa ndalama zimenezo ndi mabuku ndi mutu waukulu. Sankhani ziwiri zokha, zenizeni, zimene iwo eni anadandaulapo pakamwa pawo. Ndipo pano ndinene mosabisa: mukayang'ana pulogalamu ya chaka chino n'kupeza kuti mulibe mutu wokhudza bungwe lanu, musakakamize. Msonkhano wa kunyanja nthawi zina umakhala wa nkhani zikuluzikulu za chuma cha dziko ndi utsogoleri, zabwino ndithu, koma zovuta kuzilumikiza ndi kauntala ya pa Dedza. Mukanamizira kuti zikugwirizana, bwana wanzeru aona, ndipo chaka chamawa sadzakumverani ngakhale mutakhala ndi mfundo yoona.

Pa ndalama, pitani ndi masamu athunthu, inu ndinu akauntanti. Musawasiyire mpata woti aganizire okha mtengo, chifukwa m'maganizo mwawo aika hotela ya m'mbali mwa nyanja, galimoto ya ofesi, dalaivala ndi mafuta. Lembani ndalama yolembetsera, thiransipoti, malo ogona ndi chakudya, chilichonse pa mzere wake. Kuchokera ku Dedza simufunika kuzungulira ku Balaka ndi ku Liwonde ngati mmene ena amachitira. Mumakhotera pa Masasa, kutsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, n'kukalowa msewu wa Monkey Bay. Anthu ambiri ochokera ku Lilongwe amadzera njira yomweyo, ndiye m'gulu lathu lino simungasowe wokutengani mutathandizana mafuta. Kogona sikuti mpaka pa hotela pamene pakuchitikira msonkhano. M'mbali mwa msewu umenewo muli malo ogona aukhondo otsika mtengo, bola kusungitsa msanga. Kenako muwapatse njira zitatu: bungwe lilipire zonse, kapena lilipire yolembetsera yokha inu mudzionere zotsalazo, kapena likupatseni masiku okha osakudulani pa tchuthi. Bwana amene wapatsidwa "inde kapena ayi" amathamangira ku "ayi" chifukwa ndi kumene kulibe chiopsezo. Amene wapatsidwa posankha amayamba kuganiza kuti itiyo ndi yotheka.

Za alawansi muzitchule nokha iwo asanazitchule. Ine ndinalemba kuti ndidzabweza malisiti a chilichonse ndipo yotsala ndidzabweza ku akaunti ya bungwe. Chiganizo chimodzi chimenecho chinachotsa chikayiko chonse chija cha envulopu. Sindikunena kuti mudzimane zimene malamulo a bungwe lanu amakupatsani, kapena mukagone ndi njala kuti muoneke wabwino, ayi. Ndikungoti aone poyera kuti chimene chikukutengerani kumeneko si ndalama ya m'thumba.

Funso lina limene sadzalinena mokweza koma lili mumtima ndi loti ntchito idzatsala ndi yani. Msonkhano umenewu nthawi zambiri umachitika cha mu Seputembala, ndipo inu mukudziwa kuti msonkho wa pa malipiro a antchito (PAYE) ndi msonkho wodula uja zimayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Lembani kuti zimenezi mudzakhala mutatumiza musananyamuke, tchulani amene adzagwire makiyi ndi amene adzasaine m'malo mwanu, ndipo nenani kuti foni idzakhala yotsegula pa nthawi yopuma. Zing'onozing'ono zotere ndi zimene zimaonetsa kuti mwaganizira bungwe, osati ulendo wokha.

Popeza muli pa SACCO, muli ndi mfundo ina imene ife a m'mabungwe ena tilibe. Mwa mfundo 7 zimene makopaletivi a dziko lonse lapansi amayendera, zimene zinakhazikitsidwanso ku Manchester mu 1995, yachisanu ndi ya maphunziro: kuphunzitsa mamembala, atsogoleri osankhidwa, mamanijala ndi antchito. A bodi anu anaimvapo ku maphunziro a MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO a m'Malawi. Muitchule mofatsa, mzere umodzi, osati ngati mukuwaphunzitsa ntchito yawo. Momwemonso ndi levi ya TEVET ya maphunziro a ntchito zamanja, 1 peresenti ya malipiro imene olemba ntchito amapereka: ndi umboni woti ngakhale lamulo la dziko limaona kuphunzitsa antchito ngati mbali ya mtengo woyendetsera bungwe.

Pali mantha ena amene mabwana a m'maboma ngati athu ano amakhala nawo, ndipo ndi omveka. Amaopa kuti mukakumana ndi akuluakulu a mabanki ndi makampani a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mukasiya CV, pakatha miyezi itatu mwatsanzika. Zinawachitikirapo ambiri. Akakutchulirani zimenezi musakwiye. Ngati akufuna pangano loti mukhalebe pa ntchito kwa nthawi yakuti kapena mubweze ndalamazo mukachoka msanga, liwerengeni bwino, muone kuti nthawiyo ikulingana ndi ndalama zimene alipira. Msonkhano wa masiku ochepa sungakumangeni zaka ziwiri. Koma miyezi ingapo, ngati mulibe kale maganizo ochoka, ndi chinthu choti mungavomere ndi mtima woyera.

Tsono kapemphedwe kake. Musawapeze pakhonde kapena pamaso pa makashiya, ndipo musatsutsane nawo pa WhatsApp. Pemphani mphindi khumi tsiku limene si la malipiro kapena la bodi, lowani ndi pepala limodzi lokha, muyambe ndi kuvomereza kuti nkhawa yawo ya ndalama za mamembala mwaimvetsa ndipo mwabwera ndi mayankho. Mukatero asiyireni pepalalo, musaumirize yankho pompo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musawadumphe kupita kwa tcheyamani wa bodi, ngakhale mutakhala kuti mumapemphera naye mpingo umodzi. Mukhoza kupita ku Mangochi mwa njira imeneyo, koma mudzabwerera mu ofesi yozizira kuposa Dedza wa mu Juni, ndipo mudzakhalamo chaka chonse. Nkhaniyi ikafika ku bodi, ifike m'manja mwa a manijala, ngati ganizo limene iwo aligwirizana nalo. Ndaonanso m'makomenti ena akuti mutchule dzina la SACCO yanu kuti anthu awachititse manyazi. Musayerekeze. Dedza ndi yaing'ono, sikirinishoti imafika pa desiki ya bwana dzuwa lisanalowe.

Ndinenenso ichi poti ndinu mayi. Mawu oti "kukasambira kunyanja" nthawi zina amabisa maganizo ena oipa okhudza akazi opita ku misonkhano, ndipo ine zimandinyansa. Simukuyenera kudziyeretsa pamaso pa aliyense. Pulogalamu yolembedwa, kalata ya pempho ndi lipoti lanu zikakhala mu fayilo, nkhani imakhala ya ntchito basi, ndipo wolankhula zopanda pake amasowa pogwira.

Akakananso chaka chino, funsani funso limodzi lokha: "Bwana, n'chiyani chingafunike kuti chaka chamawa zitheke?" Nthawi zambiri yankho limakhala loti sizinali mu bajeti. Inu ndi amene mumakonza bajetiyo. Ikafika nthawi yake ikanimo mzere wa maphunziro a antchito onse, osati wanu wokha, kuti kashiya ndi wa zangongole akhalenso ndi gawo lawo. Pakadali pano pemphani zazing'ono: maphunziro a tsiku limodzi a ku Lilongwe, kumene kuchokera pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, mumapita m'mawa n'kubwerako madzulo popanda ndalama yogonera, kapenanso a pa intaneti amene amangofuna bandulo ndi chilolezo chotseka chitseko maola awiri.

Ndipo tsiku limene adzakulolani, kaya ndi ku Lilongwe kaya ku Mangochi, sabata isathe musanapereke lipoti la tsamba limodzi kapena awiri. Itanani anzanu a mu ofesi ndi a komiti yoyang'anira, muwafotokozere kwa ola limodzi zimene mwatengako, ndipo musankhe chinthu chimodzi choti chisinthe mwezi womwewo. Kwa ife chinali fomu ya msonkho wodula uja. Tinaikonza, ndipo maodita atabweranso mfundo imeneyo sinalembedwenso. A bwana anakaiwerenga okha kalatayo pamaso pa bodi. Chaka chinacho ndi iwo amene anandifunsa ngati pulogalamu ya msonkhano yatuluka, ndipo tinagwirizana kuti apite mnzanga wa zangongole amene anali asanapiteko.

Mukalemba kalata yanuyo, fufutani dzina la bungwe ndi manambala a mamembala, munditumizire ku inbox ndiione musanaipereke. Mundiuzenso mfundo ziwiri zimene maodita anakusiyirani chaka chatha, kuti tione limodzi ngati pulogalamu ya chaka chino ikuzikhudza.