Fiji mu Febuluwale? Yankho langa kwa achemwali aku Sydney

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe ndi nesi ku Sydney, akuti iwo ndi bambo akunyumba akufuna akapumeko sabata imodzi ku Fiji, tchuthi awapatsa mu Febuluwale, ndiye akufunsa ngati abukitse hotelo ina ya ku Denarau yomwe aiona pa intaneti itatsika mtengo, komanso ngati kuli zina zochita kupatula kugona pamchenga.

Achemwali, kutchipako sikuti akukukondani ayi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo yamvula ndi anamondwe kumeneko, kumatentha kwinaku kuli chinyezi, thukuta kamukamu tsiku lonse. Namondwe Winston uja anawomba mu Febuluwale 2016 n'kupha anthu 44. Sindikuti chaka chilichonse zimatero, ambiri amapita n'kukapeza dzuwa lili phwee, koma nyanja ikakwiya maboti opita kuzilumba amaima, inu n'kumangoonera mvula pawindo ndalama zitapita kale. Ngati abwana angalole kusuntha tchuthicho, kankhirani pakati pa Meyi ndi Okutobala, kungoti Julaye ana a sukulu aku Australia ndi New Zealand amadzaza ndipo mitengo imakwera. Zikakanika pitani ndithu, koma gulani inshuwalansi ndipo muwerenge bwinobwino ngati ikukhudza za namondwe.

Tsopano za Denarau, apa ndiye mundimvetsetse. Kuchoka ku Sydney ndege imatenga maola ngati 4 kukatera pa Nadi, tauni yomwe kuli bwalo lalikulu la ndege, ndipo Denarau ili pafupi pomwepo, mahotelo akuluakulu ndondondo, maiwe osambiramo, bwalo la gofu, zonse zilipo. Koma malowo anali dambo la mitengo ya m'madzi lomwe anachita kukwirira, mchenga wake ngwoderako ndipo madzi sayera kwenikweni. Zithunzi zakukopanizo, zamchenga woyera mbee ndi madzi oti mukuona nsomba pansi, zambiri amajambula ku zilumba za Mamanuca ndi Yasawa. Ndiye mukakhala pa Denarau sabata yonse mudzabwerako mutasambira mu pulu basi, zomwe ku Sydney komweko mukanatha.

Ine ndikanati mugone usiku umodzi pafupi ndi Nadi, m'mawa mwake mukwere boti ya Yasawa Flyer yomwe imanyamuka pa Port Denarau n'kumatsitsa anthu chilumba ndi chilumba, kukafika zakumapeto ndi maola pafupifupi 5 ndiye ngati mumachita chizungulire panyanja sankhani chapafupi. Chenjerani pa chinthu chimodzi, malo ambiri ogona ku Yasawa amakulipiritsani chakudya cha tsiku lonse mokakamiza, pamwamba pa mtengo wa chipinda, poti kulibe lesitilanti ina kapena golosale yoti mungathawireko. Muwerengeretu zimenezo musanasangalale ndi mtengo wa pa foni. Mutengenso ndalama zapamanja, madola aku Fiji, kuzilumbako musayembekezere ATM.

Zochita zilipo, koma chomwe sindikufuna muphonye ndi kukacheza m'mudzi. Sumangolowa ngati pamsika. Mlendo amanyamula mtolo wa mizu ya kava, womwe mungagule pamsika wa Nadi, kukapereka kwa mfumu, mwambowo amati sevusevu. Chipewa vulani, magalasi adzuwa chimodzimodzi, mapewa ndi mawondo zibisike, chitenje chanu chija chigwira ntchito bwinobwino, ndipo abambowo asadabwe akawamangitsa nsalu m'chiuno poti amuna akumeneko amavala sulu ngakhale ku ofesi ndi kutchalitchi. Mukhala pamkeka, mizu yosinja aisungunula m'madzi m'mbale yayikulu yamtengo, n'kumatunga ndi chikamba cha kokonati. Chikafika kwa inu ombani m'manja kamodzi, nenani bula (moni wawo), imwani zonse osapumira, kenako ombani katatu. Kukoma ndiye ayi, zili ngati madzi amatope, lilime limachita dzanzi pang'ono, koma si mowa. Mutu wa munthu musaugwire, ngakhale wa mwana, kumeneko n'chipongwe chachikulu.

Pa zakudya simuvutika, chinangwa chili mbwee. Mukalawe lovo, nyama ndi nsomba zokulunga m'masamba zophikira m'dzenje pamiyala yamoto, komanso kokoda, nsomba yaiwisi yonyika m'mandimu ndi mkaka wa kokonati. Mudzaonanso zakudya zachimwenye monga ndiwo za curry ndi roti paliponse chifukwa pakati pa 1879 ndi 1916 Angelezi anabweretsa amwenye oposa 60,000 kudzalima nzimbe, ambiri sanabwerere, adzukulu awo ndi omwe mudzawapeze m'mashopu a ku Nadi ndi Lautoka. Kachisi wawo wa Sri Siva Subramaniya ali kumapeto kwa msewu waukulu wa Nadi, mitundu yake yowala simungamuphonye. Abambowo ngati amatsata ragibe angotchula mendulo yagolide yomwe Fiji inapambana ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, macheza sadzatha.

Suva, likulu lawo, isiyeni ulendo uno, ndi maola ngati 4 pa basi ndipo mbali imeneyo mvula ndi yosasowa. Usiku womaliza mudzagonenso ku Nadi kapena pa Denarau pomwepo, apo ndiye hotelo yotchipayo ibukitseni, kuti boti ikachedwa ndege isakusiyeni.