Ayeziyo musiyeni, yambani ndi fumbi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha ku Mozambique. Anagula Nintendo Switch (makina osewerera magemu a pakanema) yogwiritsidwa kale ntchito, ya mtundu woyamba wa 2017, ndipo akufuna kuwonjezera liwiro la purosesa yake (ubongo wa makinawo), zimene anyamata a magemu amati overclock. Koma akuti ikutentha kale asanaisinthe chilichonse. Ndiye akufunsa ngati kuimangirira kathumba ka ayezi kumsana kungathandize.

Achimwene, ayeziyo musiyeni. Mwaliona botolo lochokera m'firiji momwe limachitira thukuta mukaliika patebulo? Thukuta lomwelo lidzatuluka m'kati mwa Switch yanu, pabolodi pomwe pakuyenda magetsi, ndipo pamapeto pake mudzalira ndinu.

Mdani wanu weniweni ndi kumene mukukhalako. A Nintendo amati makinawa azigwiritsidwa ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 5 ndi 35. Nanga kuchigwa cha Zambezi kumeneko, mu Okutobala ndi Novembala, si kumadutsa madigiri 40? Fani yam'katimo sipanga kuzizira, imangokoka mpweya wa m'chipindamo n'kuudutsitsa pa tizitsulo tolandira kutentha. Mpweyawo ukakhala wamoto, fani ingolira pachabe. Ife kuno ku Ulónguè tili ndi mwayi wa mphepo yakumtunda, moti mu Juni mumasewera mutavala juzi.

Chipu yam'menemo, yomwe imasunga purosesayo, ndi Tegra X1 ya kampani ya Nvidia. Purosesa yake a Nintendo anaiika pa liwiro la 1020 MHz, ngakhale imatha kufika 1785 MHz. Sanaichepetse mwaumbuli, ankateteza batire ndi manja anu. Liwiro likakwera pamafunika magetsi ochuluka, ndipo kutentha kumakwera msanga kuposa liwirolo. Mtundu umene unatuluka mu 2019 uli ndi chipu yodya magetsi ochepa, koma yanuyo si imeneyo.

Choyamba chotsani fumbi. Ku Moatize, ndi malasha aja, ndikukhulupirira kuti tizibowo totulutsira mpweya tapamwamba tatsekeka kalekale. Zimitsani, masulani chivundikiro chakumsana ndi sikuludiraiva ya nsonga zitatu komanso ya nsonga zinayi (wokonza mafoni kumsika amakhala nazo), chotsani waya wa batire, kenako sesani fani ndi kaburashi kofewa. Pansi pa kapaipi ka kopa pali phala lotchedwa thermal paste, lomwe limauma pakapita zaka. Pukutani lakalelo, pakani latsopano pang'ono chabe. Ntchito imeneyi yokha nthawi zambiri imatontholetsa fani yomwe imalira ngati chigayo. Ngati manja anu amanjenjemera, mpatseni wokonza mafoniyo, timawaya tam'menemo sitichedwa kuduka.

Mukatero musaseweretse pamatiresi kapena padzuwa, ndipo ikatentha musaitchaje, chifukwa batire ya lithium ikamatchajidwa ili yamoto imatha msanga, mwinanso kufufuma.

Za overclock yeniyeniyo, dziwani kuti imafuna kusintha mapulogalamu a makinawo, ndipo a Nintendo akazindikira angathe kuitsekera kuti isalowenso pa intaneti yawo. Ngati mtima wakakamirabe, kwezani pang'onopang'ono, usiku, mukuyang'ana kutentha kwake. Ikangoyamba kudzizimitsa yokha, bwererani pomwe munali. Ineyo ndikanakhala inu, ndikanadikira Juni.