Gombe ndi Njovu pa Ulendo Umodzi: Yankho kwa Mayi wa ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu ku Zomba amene akhala ku Johannesburg zaka zingapo tsopano. Ana awo awiri anabadwira konkuno ku South Africa, ndipo nyanja ndi njovu amangoziona pa TV. Bambo a kunyumba apatsidwa tchuthi cha sabata imodzi, koma ndalama zoti onse anayi apite kumudzi, akafike ku Mangochi ndi ku Liwonde, sizikukwana. Funso lawo ndi lakuti: kodi kuno ku South Africa kuli malo amene banja lingaone gombe ndi nyama zakutchire pa ulendo umodzi, osasauka nazo?

Mayi, malowo alipo. Pitani ku St Lucia, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndipo mukafika musakhale osamukasamuka. Pezani nyumba imodzi yophika nokha, mugone momwemo masiku onse.

Kuchokera ku Joni ndi makilomita opitirira 600. Mumatenga msewu wa N17 mpaka ku Ermelo, kenako N2 kudutsa eMkhondo ndi Pongola mpaka ku Mtubatuba, apo n'kukhotera mu R618. Ndi ana m'galimoto, werengerani tsiku lathunthu, ndipo nyamukani mbandakucha chifukwa msewu wa N2 umadzaza ndi malole.

Katauni ka St Lucia kali m'kati mwa paki ya iSimangaliso, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Chimene chidzakudabwitseni ndi mvuu. Masana zimakhala m'madzi, koma usiku zimatuluka n'kumadya udzu m'mphepete mwa misewu ya m'tauni momwemo, nthawi zina pafupi ndi geti la nyumba imene mwagona. Zikwangwani zochenjeza zili ponseponse. Inu amene munakulira pafupi ndi Shire simufunika kuuzidwa kuti mvuu si ng'ombe, koma ana obadwira ku Joni sadziwa zimenezo. Kukada, ngakhale kosaka chakudya kukhale pafupi, pitani pagalimoto. Masana kwerani boti loyenda pamtsinje wa St Lucia, ulendo wa maola awiri, muone mvuu ndi ng'ona muli pamalo otetezeka. M'madzi amenewo musayerekeze kuponda phazi.

Kosambira kwenikweni ndi ku Cape Vidal, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa tauni. Msewu wake umadutsa m'nkhalango, ndiye musanaone n'komwe mchenga mudzakhala mutaona mbidzi, njiri, njati, mwinanso chipembere. Pa nthawi ya tchuthi amawerenga magalimoto olowa, choncho khalani pageti m'mawa kwambiri.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene ife Amalawi timalakwitsa. Tinazolowera nyanja yathu, imene masiku ambiri imakhala phee, mwana n'kumasewera m'madzi ofika m'mawondo mayi ake akucheza pamchenga. Nyanja yamchere si choncho. Funde likamenya n'kubwerera limakoka miyendo, ndipo pali malo ena amene madzi amathamangira m'kati ngati mtsinje. Ine ndemwe, munthu wosambira ku Senga Bay kuyambira ndili mwana, funde linandigwetsa tsiku loyamba ndili chiimire, ndinadzuka mchenga uli m'kamwa, ana anga akufa nazo kuseka. Ubwino wa Cape Vidal ndi wakuti pali miyala imene imatchinga mafunde, ndiye madzi akaphwera pamakhala dziwe lodekha mmene ana angaone tinsomba tamitundumitundu. Nthawi yophwera madzi imasintha tsiku ndi tsiku. Funsani kumene mwagona kapena onani pa foni, ndipo ulendo wanu wa tsikulo muukonze motsatira nthawi imeneyo. Chinanso, apusi a kumeneko ndi akuba odziwa ntchito. Mukatsegula kabokosi ka nkhuku n'kucheuka, basi yapita.

Za njovu, patulani tsiku limodzi lathunthu la ku paki ya nyama ya Hluhluwe-iMfolozi. Kuchokera ku St Lucia mpaka pageti la Nyalazi ndi ulendo wa ola limodzi. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1895, ndipo ndi kumene chipembere choyera chinapulumukira pamene chinatsala pang'ono kutheratu. M'zaka za m'ma 1960 anayamba kutenga zipembere kumeneku kukadzazanso mapaki ena. Kuli njovu, njati, mikango, akambuku ndi akadyansonga. Simufunika galimoto yamphamvu, misewu ikuluikulu ndi yatala ndipo mumayenda nokha. Koma ana muwauziretu zoona: mkango suonekera wamba, ndipo kambuku mwina simudzamuona n'komwe. Njovu ikaima pamsewu, imani patali, musaimbe hutala, muisiye idutse yokha. Kutsika m'galimoto ndi pamalo okhawo amene analoleza.

Nanga mupite liti? Ambiri amathamangira December, koma nthawi imeneyo kumatentha, kumadzaza anthu ndipo mitengo ya pogona imakwera. Chokoma chake n'chakuti kuyambira November mpaka cha m'ma February akamba akuluakulu a m'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira pamchenga, ndipo pali maulendo ololedwa okawaona. Ine ndikanasankha tchuthi cha sukulu cha June ndi July. Kugombeko sikuzizira ngati ku Joni, udzu umakhala utauma kotero nyama zimaoneka msanga, ndiponso ndi nyengo imene anamgumi amadutsa m'mbali mwa gombeli.

Pa za ndalama, chowononga kwambiri ndi kudya m'malesitilanti. Nyamulani ufa ndi mphika wanu, ndiwo mukagule ku Mtubatuba. Musaiwale mapasipoti ndi mapepala osonyeza kuti mumakhala m'dziko muno, chifukwa pamageti mtengo wa okhala kuno umasiyana ndi wa alendo ochokera kunja. Ndipo poti anawo sanakulire kumalo a udzudzu, pitani nawo kuchipatala musananyamuke mukafunse za malungo, makamaka ngati mudzasankhe kupita nthawi ya dzinja.