Mwafunsa kuti muyambe ndi mavitamini ati, koma ndiyambe ndakuuzani za mabotolo anga 7

Imelo iyi yafika Lachiwiri usiku, ndipo ndaiwerenga katatu ndisanayambe kulemba. Mayi wina, amene sindimutchula dzina, akuti kwa miyezi inayi tsopano akungomva kutopa, akadzuka m'mawa thupi limakhala ngati sanagone n'komwe. Mnzake wa kuntchito amene amagulitsa mapiritsi a mavitamini wamuuza kuti agule mabotolo anayi nthawi imodzi. Funso lake ndi lalifupi: "Ndiyambe ndi ati?"

Achemwali, mwandiponda pachilonda. Ndikuyankhani ndithu, koma mundipirire kaye, chifukwa funso lanulo ndinalifunsapo ineyo, ndipo ndinafunsa munthu wolakwika.

Zaka zingapo zapitazo ndinkatopa mosadziwika bwino. Kukwera masitepe ochepa chabe, mtima unkagunda ngati ng'oma, ndipo ndikafika pamwamba ndinkanamizira kuti ndikuwerenga uthenga pafoni kuti anthu asaone kuti ndikupuma wefuwefu. Tsitsi linkatsalira pachipeso. Zikhadabo zinkangothyoka zokha. Chodabwitsa kwambiri, ndinayamba kukonda kutafuna ayezi. Ndinkatsegula firiji usiku anthu onse atagona n'kumakukuta ayezi ngati mtedza, osadziwa kuti thupi likundiuza kanthu.

Mnzanga wina, munthu wabwino ndithu amene tinkadyera mbale imodzi, anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Iwe, thupi lako ladzaza poizoni, likufunika kutsuka." Anatulutsa kabuku kokhala ndi zithunzi za anthu akumwetulira. Ndinagula botolo limodzi. Patatha mwezi ndinamuuza kuti sindikuona kusintha, iye anati botolo limenelo silimagwira ntchito lokha, limafuna linzake. Ndinagula lachiwiri. Chaka chisanathe ndinali ndi mabotolo 7 atandandalika pawindo la kukhitchini kuyambira lalitali mpaka lalifupi, ngati ana a sukulu ali pamzere. M'mawa uliwonse ndinkathira mapiritsi m'dzanja, ena ofiira, ena achikasu, lina lalikulu lonunkha nsomba lomwe linkandibwerera kukhosi mpaka masana, n'kumeza zonse ndi tiyi wamkaka. Amuna anga ankandiseka kuti ndikamayenda ndikumveka ngati bokosi la machesi.

Mkodzo wanga unasanduka wachikasu chowala, ngati wathiridwa utoto. Nditamuuza mnzanga uja anawomba m'manja: "Ndi poizoni uja akutuluka!" Ndinasangalala, ndinauzako ena. Pambuyo pake m'pamene ndinadzadziwa kuti mtundu umenewo umabwera ndi vitamini B2, amene thupi likatengapo kochepa komwe likufuna, wotsalayo limangomutayira kuchimbudzi. Ndinkaima pamenepo n'kumanyadira ndalama zanga zikupita.

Miyezi 11 inatha choncho. Tsiku lina ndili pamzere ndinangoona mdima, makutu kulira, kenako ndinapezeka ndakhala pansi anthu akundikupiza ndi mapepala. Kuchipatala adokotala sanachite zambiri. Anakoka chikope changa cham'munsi n'kuyang'ana m'kati mwake, anatembenuza zikhatho zanga, kenako anafunsa funso lomwe palibe anali atandifunsapo chaka chonsecho: "Mumasamba masiku angati, ndipo magazi amatuluka ochuluka bwanji?" Ndinayankha mwamanyazi kuti masiku 8, nthawi zina 9. Ndinkayesa kuti ndi mmene ndinabadwira.

Anandiyeza magazi. Hemoglobin, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wa okosijeni, inali pa 8.9. Mayi amene si woyembekezera amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa, bambo pa 13. Atandiunika m'mimba anapeza zotupa za m'chiberekero, zija amati ma fibroid. Mwezi uliwonse ndinkataya ayironi wochuluka kuposa amene ndinkadya. Ayezi uja nayenso anali chizindikiro, anthu ambiri osowa ayironi amamulakalaka. Chondipweteka kwambiri n'chakuti limodzi mwa mabotolo anga linali ndi ayironi pang'ono, koma ndinkamumwera limodzi ndi piritsi la kashiamu komanso tiyi, ndipo ziwiri zonsezi zimalepheretsa thupi kuyamwa ayironi bwino. Ndinkagula ndi dzanja lamanja n'kumataya ndi lamanzere. Safunsa anadya phula, ine ndinalidya miyezi 11.

Anandipatsa timapiritsi ta mtundu umodzi wokha, ta ayironi totchedwa ferrous sulphate, topanda chithunzi cha munthu womwetulira. Anandichenjeza kuti chimbudzi chida ndipo mwina ndizidzimbidwa, ndisadabwe. Patatha masabata atatu ndinakwera masitepe aja ndikulankhula pafoni, ndipo ndinazindikira nditafika kale pamwamba kuti sindinaime panjira.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga za mavitamini ngati munthu wofuna kubwezera. Chimene ndinapeza n'chakuti mbiri yawo yonse ndi mbiri ya anthu osowa. Mu 1747 dokotala wa pa sitima yapamadzi ya ku Britain, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala scurvy, matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, n'kuwagawa awiriawiri. Ena anawapatsa viniga, ena madzi a m'nyanja, awiri anawapatsa malalanje ndi mandimu. Zipatsozo zinatha patangopita masiku 6, koma pofika tsikulo mmodzi mwa awiriwo anali atadzuka kale kubwerera kuntchito. Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya Christiaan Eijkman, dokotala wa ku Netherlands amene ankagwira ntchito pachilumba cha Java m'zaka za m'ma 1890. Nkhuku zake zinayamba kufooka miyendo ngati anthu odwala beriberi, chifukwa zinkadya mpunga woyera wotsala kuchipatala cha asilikali. Kutabwera wophika watsopano, anakana kupereka mpunga wa asilikali kwa nkhuku wamba. Nkhukuzo zitabwerera ku mpunga wosachotsa gaga, zinachira. M'gagamo munali chimene lero timachitcha vitamini B1. Dzina lakuti vitamini analipeka Casimir Funk mu 1912, ndipo Eijkman analandira mphoto ya Nobel mu 1929. Wophika uja, amene anangochita nkhanza kwa nkhuku, sanalandire kanthu.

Mukuona chomwe chikufanana pa nkhani zonsezi? Amalinyero aja anachira modabwitsa chifukwa anali atakhala miyezi osaona chipatso. Nkhuku zija zinadzuka chifukwa zinali zitamanidwa gaga. Ine ndinakwera masitepe chifukwa ayironi ndi amene ankasowa. Ogulitsa mabotolo anatenga zozizwitsa zenizenizi n'kuyamba kuzigulitsa kwa aliyense, wosowa ndi wosasowa yemwe. Ndowa ikadzaza, ngakhale mutathira madzi tsiku lonse, mukungonyowetsa pansi.

Kukanakhala kungotaya ndalama, bwenzi ndikungoseka. Koma mavitamini A, D, E ndi K samatuluka ndi mkodzo ngati B2 uja, amasungika m'mafuta a m'thupi ndi m'chiwindi, ndipo ena mwa iwo akachuluka amavulaza. Vitamini A wambiri angathe kulumalitsa mwana ali m'mimba. Ku Finland anachita kafukufuku pa amuna osuta fodya oposa 29,000, ena akuwapatsa mapiritsi a beta-carotene, chinthu chopezeka m'karoti ndi m'masamba, poganiza kuti awateteza ku khansa ya m'mapapo, popeza anthu odya masamba ndi zipatso zambiri saidwala kawirikawiri. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansayo inapezeka yochuluka ndi 18 peresenti pakati pa amene ankamwa mapiritsiwo. Kafukufuku wina wofanana naye ku America anachita kumuimitsa panjira mu 1996 pa chifukwa chomwecho. Karoti sanapwetekepo munthu. Chimene chinapweteka anthu ndi kuzula kanthu kamodzi m'karotimo, kukachulukitsa, n'kukatsekera m'botolo.

Poyamba ndinkati aliyense achite zomwe akufuna ndi ndalama zake. Pano ndinasiya ulemu umenewo. Kugulitsa mapiritsi kwa munthu wotopa amene sanayezetse magazi, ine ndimati ndi kuba, ngakhale wogulitsayo akhale wopemphera chotani. Amakuberani ndalama, komanso amakuberani miyezi imene mukanadziwa chimene chikukudwalitsani. Zotupa zanga zinkakula mwakachetechete ine ndili kalikiliki kuwerenga mapiritsi. Kwa wina chikhoza kukhala chilonda cha m'mimba chimene chikutaya magazi pang'onopang'ono, kwa wina shuga, kwa wina chithokomiro chosagwira bwino ntchito, kwa wina matenda a maganizo. Zonsezi zimayamba ndi mawu amodzimodzi akuti "ndikungotopa".

Ndipo mawu akuti "zachilengedwe" asakunamizeni. Ululu wa njoka nawo ndi wachilengedwe. Za "kutsuka thupi" ndiye musandiyambe dala. Munabadwa ndi chiwindi ndi impso ziwiri zomwe zimagwira ntchito imeneyo usana ndi usiku popanda kukulipiritsani, ndipo zikadzalephera mudzafunika chipatala, tiyi wa m'paketi sadzathandiza. Ku America, komwe mabotolo ambiri otere amapangidwa, lamulo la mu 1994 limalola kampani kugulitsa mapiritsi owonjezera zakudyawa isanasonyeze boma umboni wakuti amagwiradi ntchito, pamene mankhwala enieni amayenera kuyesedwa kaye. Ndiye botolo likakhala lonyezimira ndi zilembo zagolide, chimene mwatsimikiza n'chakuti kampaniyo ili ndi wojambula waluso.

Mnzanga uja sitilankhulananso ngati kale. Nditamuuza za kuchipatala anati mwina sindinkamwa motsatira ndondomeko. Sindimuda. Nayenso anali atagula katundu wodzaza kabati, wina pamwamba pake akumukakamiza kuti agulitse, ndipo ndikukhulupirira kuti iye mwini ankakhulupirira zimene ankanena. Koma tikakumana timangolonjerana n'kukamba za ana.

Amene mapiritsi amawathandizadi

Ndisaname kuti mapiritsi onse ndi achabechabe, poti ine ndemwe anandidzutsa. Mayi amene akufuna kutenga pakati ayambe kumwa folic acid, mtundu wina wa vitamini B, mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, asanaime n'komwe mpaka masabata 12 oyambirira, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masiku 28 oyamba, nthawi imene ambiri amakhala asanadziwe kuti ali ndi pakati. Apa sindikangana ndi aliyense. Munthu amene sadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka amafunika vitamini B12, chifukwa m'zomera mulibe. Vitamini ameneyu ndi wachinyengo, chiwindi chimamusunga kwa zaka, ndiye munthu amaona ngati zonse zili bwino mpaka tsiku limene mapazi ayamba dzanzi. Okalamba ndi amene akhala nthawi yaitali akumwa metformin wa shuga nawonso amatha kumusowa. Amene sakhala padzuwa angasowe vitamini D.

Zandikumbutsa, ngati m'nyumba muli mapiritsi a ayironi, abiseni patali. Kwa kamwana amaoneka ngati maswiti, ndipo ochepa chabe angathe kukapha. Ndimanjenjemera ndikakumbukira kuti anga aja ankakhala pawindo, pamene mwana wokwera pampando akanafikira.

Ndipo pali nkhani ya vitamini C imene imandiseketsa mpaka lero. Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 75 patsiku, ndipo lalanje limodzi labwino limatsala pang'ono kukwanitsa. Piritsi langa linali la mamiligalamu 1,000. Nthawi yonseyo ndinkadumpha chakudya cham'mawa, masana n'kudya mabisiketi ndi chakumwa chotsekemera ndili pakompyuta, madzulo n'kumadziona ngati munthu wosamala thanzi chifukwa cha mzere wa pawindo uja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Ine mwina ndinkafika magalamu 100 pa tsiku labwino. Lalanje limabwera ndi madzi ake, ndi timinyewa tothandiza m'mimba, ndipo limakhutitsa kotero kuti dzanja silithamangira ku bisiketi. Pano mbale yanga siikhala yopanda masamba, nyemba ndimadya kangapo pa sabata, mazira ndi nsomba zikapezeka, chiwindi mwa apo ndi apo. Ndimafinyira ndimu pamasamba chifukwa vitamini C amathandiza ayironi wa m'zomera kulowa m'thupi, ndipo tiyi ndinamusuntha, ndimamwa patatha ola limodzi kapena awiri nditadya. Kusuntha tiyi kokhako kunandivuta kuposa kusiya mabotolo onse 7.

Tsono achemwali, yankho lanu nali. Musagule ngakhale limodzi sabata ino. Pitani kuchipatala mukanene kuti mwatopa kwa miyezi inayi, mupemphe kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi ndi shuga, ndipo ngati n'kotheka ferritin, amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, komanso chithokomiro. Muwauze za msambo wanu mosabisa, ndi mankhwala aliwonse amene mukumwa. Akapeza chosowa, mumwe chimenecho basi, kwa nthawi yonse imene akuuzani, osasiyira panjira poti mwayamba kupeza bwino. Mnzanu akakufunsani, mungomuuza kuti mukudikira zotsatira za magazi.

Mukalandira zotsatirazo mundilembere, ndikufuna kumva nambala ya hemoglobin yanu. Mwa mabotolo anga aja ndinasungako limodzi, lalitali lija la zilembo zagolide. Ndimasungiramo mabatani ndi singano, ndipo chivindikiro chake chimatseka bwino kwambiri.