Achemwali, MP uja sanakuthaweni: za chipatala kuno ku Scotland mwini wake ndi MSP

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Scotland, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Mwachidule akuti amuna awo akhala akudikira opaleshoni ya bondo kwa miyezi yambirimbiri, analembera MP wa dera lawo amene amawaimira ku palamenti ya ku London, yankho linabwera laulemu bwinobwino koma lakuti za chipatala si zake, apite kwa MSP, phungu wa palamenti ya ku Scotland. Nde funso lawo ndi lakuti, "Achimwene, uku sikungotiponyerana ngati mpira? Nanga boma la ku Edinburgh likamalephera ntchito amalifunsa ndani, kapena nawonso amangokuwa m'nyumba ya malamulo basi ngati kwathu?"

Pepani ndi matendawo achemwali, bondo likavuta ngakhale kukwera basi kumakhala nkhondo. Koma MP uja sanakunamizeni ayi. Mu 1997 anthu a ku Scotland anavota pa riferendamu kuti akhale ndi palamenti yawoyawo, ndipo inayamba ntchito mu 1999. Kuyambira pamenepo zipatala, masukulu, apolisi, makhoti, nyumba, makhonsolo 32 onse aja, zonsezi zili m'manja mwa boma la ku Edinburgh ndipo olifunsa ndi aphungu 129 a ku Holyrood, komwe kuli palamentiyi, amene timawati ma MSP. Za ma visa, asilikali ndi ubale ndi mayiko akunja zinatsala ku London. Nde pepala lanu lokhalira m'dziko muno likavuta thamangirani kwa MP yemwe uja, koma bondo la bambo akunyumba ndi la MSP.

China chimene ambiri sadziwa, inu muli ndi ma MSP 8, osati mmodzi. Mmodzi ndi wa dera lanu lenilenilo, 7 enawo ndi a chigawo chonse, ndipo amakhala a zipani zosiyanasiyana. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa MSP wa chipani cholamula akhoza kukuthandizani mwakachetechete koma sangafune kuchititsa manyazi nduna yake, pomwe wa chipani chotsutsa nkhani ngati yanuyi kwa iye ndi ndiwo yophikaphika.

Tsopano pa funso lanu lenileni. Kukuwa kulipo, sindikana. Lachinayi lililonse palamenti ikamakumana, 12 koloko masana, First Minister, mtsogoleri wa boma la Scotland, amaimirira kuyankha mafunso kwa mphindi 45. Ine ndinapitako kamodzi kukakhala m'mwamba mwa alendo, kulowa ndi kwaulere, ndipo ndinatulukamo mutu ukuwawa. Wotsutsa amaima ndi kalata ya munthu amene mayi ake anagona pa bedi la matayala m'khonde la chipatala usiku wonse, aboma amayankha ndi manambala akuti taonjezera ndalama zakuti, komanso ku England ndi ku Wales zinthu zaipa kuposa kuno, anzawo kumbuyo akumenya madesiki, kenako belu la nkhomaliro, aliyense wapita. Mukaonera zimenezi pa TV mukhoza kunena kuti ndi dilama basi, ndipo theka lake ndi dilamadi.

Ntchito yeniyeni ndinaiona kumakomiti, m'tizipinda ting'onoting'ono momwe mulibe woombera m'manja. Kuli komiti ya zaumoyo, ya zamaphunziro ndi ena ambiri, koma imene akuluakulu a boma amaiopa ndi Public Audit Committee, yofanana ndi PAC ya kwathu ija, ndipo lamulo la nyumbayi limati wapampando wake asachokere ku chipani cholamula. Iwowa amadya zimene waphika Auditor General ndi ofesi ya Audit Scotland. Lipoti likatuluka amaitana mabwana a health board, mabungwe oyendetsa zipatala m'zigawo, alembi akuluakulu a boma, nduna imene, n'kumawafunsa tsamba ndi tsamba, munasaina liti, anakulangizani ndani, kalata yake ili kuti. Ndipo Scotland Act ya 1998 inapatsa palamenti mphamvu yokakamiza munthu kubwera kudzayankha kapena kubweretsa mapepala, si zopempha chabe.

Ndikupatseni nkhani ya sitima ziwiri, chifukwa imaonetsa mphamvu ya makomitiwa ndi kufooka kwake komwe. Ku Scotland kuli zilumba zambiri zimene anthu ake amadalira sitima ngati mmene a ku Likoma amadalira Ilala, sitima ikafa ndiye kuti buledi, mankhwala, alendo, zonse zaima. Mu 2015 kampani ya Ferguson Marine ya ku Port Glasgow inapatsidwa kontirakiti ya mapaundi 97 miliyoni kuti ikhome sitima ziwiri zimene zimayenera kutha mu 2018. Mu 2017 anachita mwambo woponya yoyamba m'madzi, Glen Sannox, pali First Minister wa nthawiyo Nicola Sturgeon amene, kenako zinadziwika kuti mawindo ena anali ojambula ndi penti, sitimayo isanathe n'komwe, kkkk ndikamauza anthu kumudzi sakhulupirira kuti izi zinachitika ku Ulaya. Kampani inagwa, boma linaitenga mu 2019. Mu Disembala 2020 komiti ina ya palamenti inatulutsa lipoti lonena poyera kuti kayendetsedwe ka ntchitoyi kanalephera koopsa, mu Malichi 2022 Audit Scotland inati palibe mapepala okwanira ofotokoza chifukwa chimene boma linavomerera kontirakiti yopanda chitsimikizo chonse chobwezera ndalama zinthu zikavuta, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Sturgeon, ali First Minister, anakhala pamaso pa komiti kuyankha mafunso ngati wina aliyense.

Nanga sitima? Glen Sannox inayamba kunyamula anthu opita ku chilumba cha Arran mu Januwale 2025, inzake Glen Rosa inali ikadali kokhomedwa, ndipo ndalama zinali zitakwera pafupifupi kanayi. Nde mukaona, makomiti anafukula zonse, tikudziwa amene anasaina ndi tsiku lake, koma sanathe kufulumizitsa sitima ndi tsiku limodzi lomwe. Komiti imalemba zofuna kuti zisinthe, boma limayankha, ndipo likafuna limangoti tamva.

Chimene chimagwedeza boma mwachangu ndi masamu a mavoti. Kuti ulamule wekha umafunika mipando 65, ndipo chifukwa cha kavotedwe ka kuno zimenezi zinachitikapo mu 2011 pomwe chipani cha SNP chinapeza 69, nthawi zambiri boma limakhala lopempha. Mu Ogasiti 2020, mayeso atalephereka chifukwa cha Covid, bungwe la mayeso la SQA linatsitsa magiredi pafupifupi 125,000 amene aphunzitsi anapereka, ndipo ana a m'madera osauka ndi amene anapwetekeka kwambiri. Ana anakachita zionetsero ku George Square ku Glasgow, otsutsa anabweretsa voti yochotsa John Swinney amene anali nduna ya zamaphunziro, ndipo mavoti a chipani cha Greens ndi amene amati agamule. Patangotha sabata imodzi Swinney anaima m'nyumbamo, anapepesa, magiredi onse otsitsidwa anabwezedwa, iye n'kupulumuka pa votiyo. Sabata imodzi achemwali! Sitima zaka zambirimbiri, mayeso sabata imodzi, kusiyana kwake n'kwakuti apa mpando wa munthu unali pamoto. Bajeti nayo ndi chimodzimodzi, chaka ndi chaka boma lopanda mipando yokwanira limayenera kunyengerera chipani china, ndipo pamenepo ndi pamene aphungu amalowetsa zofuna za anthu awo.

Pali khomo lina limene ine ndimalikonda, la ma petition. Ku Holyrood siginecha imodzi yokha ndi yokwanira kuti komiti ione dandaulo lanu, bola likhale lokhudza dziko lonse osati mlandu wanu nokha. Mu 2014 amayi amene anavulazidwa ndi kaukonde kapulasitiki kamene madokotala amawaika m'thupi pochiza vuto la chikhodzodzo anabwera ndi petition, ena pa njinga za olumala, anafotokoza ululu wawo pamaso pa aphungu, chaka chomwecho nduna ya zaumoyo inapempha zipatala kuti ziyambe zaimitsa, mu 2018 analetseratu, ndipo mu 2022 panadutsa lamulo lobwezera ndalama amayi amene analipira okha kuti akachotsedwe. Zinatenga zaka 8, komabe anayamba ndi amayi wamba.

Osaiwalanso kuti boma la ku Edinburgh lili ndi pothawira pake. Gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku London, nde chipatala chikadzaza aboma amati London yatimana, otsutsa amati ndalama munalandira koma mwamwaza, ndipo mukapita kukhonsolo nakonso akuti Edinburgh yatimana. Ife a ku Malawi nyimbo imeneyi timaidziwa, paja mphamvu ku anthu tinaiyamba ndi lamulo la 1998 koma kuchokera 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala, DC akuloza ku Capital Hill, Capital Hill ikuloza kwa DC. Kuno kusiyana kwake n'kwakuti manambala amatuluka poyera ndipo MSP aliyense akhoza kulemba funso ku boma n'kuyankhidwa polemba, kawirikawiri m'masiku 10 a ntchito, yankholo n'kuikidwa pa intaneti aliyense aone. Atolankhani amakhalira zomwezo.

Tibwerere ku bondo. Lamulo la Patient Rights la 2011 limati munthu akagwirizana ndi dokotala za opaleshoni ayenera kuthandizidwa pasanathe masabata 12. Lamuloli limaswedwa tsiku ndi tsiku, ndipo analilemba mochenjera moti simungatengere boma kukhoti kuti likulipireni, komabe m'kalata yanu mulitchule, amadziwa kuti munthuyu wawerenga. Yambani ndi dandaulo ku health board yanu, zilipo 14 kuno ku Scotland, akuyenera kuyankha m'masiku 5 a ntchito, kapena 20 ngati nkhani ikufunika kufufuza, zikakanika pamenepo mupite kwa ombudsman amene amamutchula kuti SPSO. Nthawi yomweyo lemberani MSP, kapena mukaonane naye maso ndi maso pa tsiku limene amakumana ndi anthu, eti amalitcha surgery ngakhale palibe mpeni, nthawi zambiri ku laibulale kapena ku holo ya m'dera. Sangadumphitse amuna anu pamzere, zimenezo musayembekezere, koma kalata yake ikafika kwa bwana wa health board fayilo imatsegulidwa, ndipo mumadziwa pamene mwaima.

Munafunsanso kumapeto ngati angakumvereni poti ndinu mlendo. Kuyambira 2020 aliyense wokhala ku Scotland movomerezeka amavota pa zisankho za Holyrood ndi za khonsolo, kuyambira zaka 16, nde ngati simunalembetse kalembetseni, kwa MSP ndinu voti ngati wina aliyense. M'kalatamo muike adilesi ndi postcode yanu pamwamba penipeni chifukwa choyamba amaona ngati ndinu a m'dera lake, tsiku limene adokotala anawaika pamndandanda, mmene bondolo lawalepheretsera ntchito, komanso amuna anu asaine kuti akuvomera MSP kufunsa za matenda awo, popanda chilolezo chimenecho achipatala sayankha kanthu. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Mukalemba munditumizire ndione musanatumize.